Mphatso za Khanda Ndalama Zitavuta: Nyamulani Izi, Botolo Lisiyeni pa Msika

[Wolankhula wanyamula botolo loyamwitsira khanda m'dzanja limodzi, kapulana (chitenje) m'dzanja linalo]

Chimodzi mwa ziwirizi chikhoza kugoneka khanda m'chipatala. Chinachi chigwira ntchito mpaka mwanayo atayamba kuthamanga. Koma pa phwando, chimene anthu amaimbira nthungululu ndi choyambachi. Musachoke, tifikapo.

Muli bwanji abale anga a mumzinda wa Tete, a ku Moatize, Ulónguè, Dómuè, Tsangano, Furancungo, ndi inu a tsidya la malire amene mumationera muli ku Dedza ndi ku Mwanza? Takulandirani. Nkhani ya lero nayi. Mwaitanidwa ku phwando la mnzanu woyembekezera, chá de bebé yafala m'tauni masiku anoyi. Uthenga wafika pa WhatsApp ndi timaluwa, ndi timitima, koma m'thumba mwauma. Mupite chimanjamanja? Ayi. Mukatenge katapila chifukwa cha phwando la masana amodzi? Ayinso. Ndikuonetsani zimene mungapange nokha ndi zimene mungagule ndi mametikali ochepa. Dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, sikalipiritsa.

Zoyambirira ndidutsa mothamanga chifukwa mumazidziwa. Mufunseni mwini wake chimene alibe, kapena funsani mchemwali wake ngati mukuchita manyazi. Musagule tizovala ta saizi yochepetsetsa, khanda limakula msanga, mwezi umodzi basi tathina. Ngati muli anthu anayi kapena asanu a kwaya imodzi kapena a gulu limodzi losunga ndalama, sonkhani mugule chinthu chimodzi cholimba. Ndipo ngati banjalo ndi lija limati katundu wa mwana salowa m'nyumba mayi asanachire, musalimbane nalo. Kasiyeni mphatsoyo kwa apongozi kapena kwa azakhali, kapena dikirani mwana atuluke m'chikuta. Basi, zatha zimenezo.

Nambala 1, kapulana.

Inde, ndikumva, "aliyense abweretsa kapulana." Abweretse! Funsani mayi aliyense amene anachirapo ngati makapulana anamuchulukira. Wina woyala, wina wofunditsa mwana, wina woberekera, wina wadzivalira mwini wake, awiri ali pa chingwe sanaume. Ku chipatala ponyamuka ndi makapulana omwewo amene amadzadza chikwama. Mwana akabadwa masiku asanakwane, anamwino amaphunzitsa mayi kumuika pachifuwa, khungu kukhudza khungu, n'kumumanga ndi nsalu kuti asazizidwe. Njira ya kangaroo imeneyi inayambira ku Bogotá, dziko la Colombia, mu 1978, chifukwa makina ofunditsira ana anali ochepa. Kuno chida chake ndi kapulana yemweyu.

Chinsinsi ndi ichi. Watsopano amakhala wolimba, wokhakhala, ndipo samwa madzi. Muchapeni kawiri musanapereke. Ndipo ngati mulibe ndalama n'komwe, kapulana wanu wakale wa thonje, amene wafewa ndi kuchapidwa, ndi wabwino pa khungu la khanda kuposa wa m'sitolo. Bola asakhale wong'ambika kapena wothimbirira. Mumuchape, mumusite, mumupinde bwino.

Nambala 2, matewera a nsalu, ndi ndowa yake.

Khanda limanyowetsa matewera asanu ndi atatu, ngakhale khumi, pa tsiku. Ndiye taganizani paketi ya otaya ija mukufuna kugula. Isanathe sabata yatha, ndalama yanu ili ku dzala. A nsalu amachapidwa, amabwerera, ndipo mng'ono wake adzawapeza.

[Akuyala thaulo pa tebulo]

Pitani pa kaunjika, kalamidade yathuyi, kaya pa Kwachena kaya pa msika wa Ulónguè. Sankhani mathaulo akuluakulu a thonje kapena nsalu za pabedi za fulanelo. Dulani mabwalo a ngodya zinayi, masentimita 60 kapena 70 mbali iliyonse. Pindani m'mphepete, sokani. Mulibe makina? Singano ndi ulusi zikwanira, kungoti mukhala madzulo awiri. Tizidutswa totsala musataye, sokani m'mbali, timeneto ndi topukutira pakamwa ndi pa matako. Kenako wiritsani zonse, yanikani pa chingwe padzuwa, osati pa udzu kapena pansi, ndipo sitani ndi simbi yotentha. Kusitaku si kunyada ayi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa nthaka ndi pa zovala zonyowa, makamaka za fungo la mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa. Simbi imapha mazirawo. Muwauzenso amayi ake zimenezi powapatsa.

Zonsezi ikani mu ndowa ya chivindikiro, onjezani mtanda wa sopo wochapira, sopo mmodzi wosambira wopanda fungo lamphamvu, mapini awiri ndi zopanira pa chingwe. Mphatso yatha, ndipo ndi yolemera pa kuinyamula.

Amene simukufuna zosoka, mchemwali wanga amasoka matewera otere ndi tizipewa ku Ulónguè, ndipo amatumiza pa chapa, maminibasi athu aja, mpaka ku Tete. Zonse ndalemba m'munsi mwa vidiyoyi. Mukamuuza kuti mwachokera kuno amachotserako pang'ono.

Tsopano tiime kaye. Nambala 3 idikire. Tikambe za ichi.

[Akukweza botolo]

Phwando lililonse limene ndapitako, botolo silisowa. Limakhala m'kabokosi kowala, lili ndi tizimbalangondo tojambula, mtengo wake wofikirika, ndipo likatuluka m'pepala anthu onse amati "eee, koma ndiye mwaganiza!" Ukafunsa chifukwa chake, yankho ndi limodzi: "Kuno ndi ku Tete mayi. Kumatentha. Mwana amva ludzu, azimwera madzi."

Bodza. Ndibwereze kuti a kumbuyo amve: bodza!

Zoti kumatentha, sindikukana. Mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kutentha kumadutsa madigiri 40, mpaka kuwoloka mlatho wa Samora Machel masana ndi chilango. Wamkulu amamwa madzi osaleka. Koma khanda madzi ake lili nawo kale. Mkaka wa m'mawere, pa magawo 100 aliwonse, pafupifupi 87 ndi madzi. Madzi oyera, osafuna kuwiritsa, osafuna Certeza, mankhwala oyeretsera madzi aja, ofunda bwino. Kukatentha mwana amangoyamwa pafupipafupi, pang'onopang'ono, ludzu n'kutha. Amene akufunika kapu ya madzi pambali ndi mayi woyamwitsayo. Mukufuna kugula chomwera? Mugulireni iyeyo jagi.

N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, a UNICEF, ngakhale unduna wathu wa zaumoyo ku Maputo, onse amanena chimodzi: miyezi 6 yoyambirira, bere lokha. Kuyamwitsa mwakathithi. Osati madzi, osati tiyi, osati kaphala kamadzimadzi, osati madzi a shuga. Ikakwana miyezi 6 ndiye zakudya zina ziyambe, bere likupitirira mpaka zaka 2 kapena kupitirira apo.

Wina akulemba kale m'makomenti, ndikukuonani: "Timadzi tochepa tingalakwe chiyani?" Tamverani mmene zimayendera.

Kamimba ka khanda pa tsiku loyamba kamalandira pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi nthawi imodzi. Kamakula, koma m'masabata oyambawa kadakali kakang'ono. Mukathiramo madzi, malo a mkaka atha. Madzi alibe chakudya, ndiye mwana wakhuta koma sanadye. Akakhuta sayamwa. Apa ndi pamene pali msampha, chifukwa bere lili ngati chitsime chofukula mumchenga wa mtsinje wa Revúbuè nthawi ya chilimwe: ukatunga, madzi ena amabwera, ukaleka kutunga, chimakwiririka. Mwana akachepetsa kuyamwa, thupi la mayi limachepetsa kupanga. Pakapita masabata angapo mayi uja akudandaula kuti "mkaka wanga sukukwana." Ndipo ana ena akazolowera kansonga ka labala, kamene kamatulutsa mosavutikira, amayamba kukana bere. Ndiye chotsatira n'chiyani? Botolo lili kale m'nyumba, lija munabweretsa inu. Changotsala ndi chitini cha mkaka wa ufa.

Tiwerengere limodzi za chitinicho, poti vidiyo ino ndi ya anthu osunga ndalama. Mwana wodalira mkaka wa m'chitini wokha amafuna pafupifupi makilogalamu 20 a ufawo m'miyezi 6 yoyambirira. Zimenezo ndi zitini 40 za magalamu 500. Imitsani vidiyoyi, pitani pa sitolo iliyonse kapena pa famasi, funsani mtengo wa chitini chimodzi, chulukitsani ka 40. Mukapeza yankho lembani m'makomenti ndi dera lanu, tione. Kodi banja limene mukulipatsa mphatso ya mametikali 100 lija lili nayo ndalama imeneyo? Likaona chitini chikutha mwezi usanathe, limachita chimene aliyense angachite: masipuni ochepa, madzi ambiri. Mwana akumwa zoyera ngati mkaka, koma pa sikelo muvi sukukwera.

Sindinathe. Ukhondo.

Botolo limafuna kutsukidwa ndi burashi ndi kuwiritsidwa nthawi iliyonse mwana asanamwere. Nthawi iliyonse, usiku womwe. Madzi osungunulira ufawo awire, ndipo athiridwe asanazizire kufika pansi pa madigiri 70, chifukwa ufa wa m'chitiniwo pawokha ukhoza kukhala ndi tizilombo. Mkaka wosungunula ukakhala maola 2 osamwedwa, ngotaya. Tsopano ndiuzeni, mayi wa ku Matundo kapena ku Chingodzi amene wachira dzana, madzi akugula pa mpopi wa aneba, makala akugula pa kapulasitiki, akoleza mbaula kasanu ndi katatu pa tsiku? Sangathe, ndipo si ulesi. Chimachitika ndi chakuti botolo limangotsukuluzidwa, kamkaka kotsalira m'khosi mwake ndi m'kansonga kaja n'kusasa ndi kutentha kwathu komwe kuja mumati ndi chifukwa chogulira botolo. Kenako kutsegula m'mimba. Khanda likatsegula m'mimba limatha madzi m'thupi msanga kwambiri, liwombo kulowa, maso kulowa. Ndiye onani kuzungulira kwake: tinagula botolo poopa kuti mwana asowa madzi, botolo lomwelo n'kumuchotsa madzi. Nyengo ya mvula, pamene kolera amatizungulira, ndiye musanene.

Nkhaniyi si ya ine ndekha. Mu 1981 maiko anakumana ku Geneva pa msonkhano waukulu wa zaumoyo n'kugwirizana malamulo a kagulitsidwe ka mkaka wolowa m'malo mwa bere. Malamulowo amakhudzanso mabotolo ndi nsonga zake. Amaletsa makampani kuzitsatsa kwa anthu wamba, ndiponso kupatsa amayi zaulere kapena mphatso zowakopa. Ndiye kampani yaletsedwa kupereka botolo kwa mayi woyembekezera, inu mwatenga ndalama yanu ya ndiwo, mwaligula, mwalikulunga ndi riboni, mwakapereka. Mwawagwirira ganyu yaulere.

"Nanga amene amapita ku ntchito?" Funso labwino. Mphunzitsi, namwino, wogulitsa pa msika. Mkaka amafinyira m'kapu yoyera ya chivindikiro, wotsala ndi mwana n'kumumwetsa ndi kakapu kakang'ono. Kapu imatsukika paliponse, ilibe ngodya zobisala. Ku chipatala amaphunzitsa kafinyidwe ndi kamwetsedwe, n'zaulere.

"Nanga mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV?" Malangizo a masiku ano ndi akuti amwe ma ARV ake mosadumphitsa ndipo ayamwitse mwakathithi miyezi 6. Kusakaniza bere ndi madzi kapena zakudya zina m'miyezi imeneyi ndi kumene kumaonjezera chiopsezo kwa mwana. Ndiye botolo lanu la madzi kwa iyeyu ndi loipa kawiri, ndipo inu simudziwa amene ali pa mankhwala, si nkhani yolengeza pa phwando.

Alipo ana amene amafunikadi mkaka wa m'chitini. Mayi watisiya, kapena wadwala kwambiri. Zimenezo amagamula ndi a chipatala, n'kuphunzitsa banja kakonzedwe kake. Sagamula ndi mlendo wa pa phwando.

Ndipo musapite kukanyoza apongozi anu kuti "pa foni anena kuti simudziwa kanthu." Ayi chonde. Iwo analera ana m'nthawi yawo ndi nzeru zimene anali nazo, ndipo akamati mwana amwe madzi ndi chikondi. Auzeni mwaulemu kuti, "Amayi, a sikelo akuti tiziwerenga matewera." Mwana amene wadutsa masiku oyambirira, akunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake wosaderako, sikelo ikukwera, ameneyo akumwa mokwanira. Matewera a nambala 2 aja ndi amene akhale mboni.

[Akuika botolo pansi pa tebulo]

Ngati mbali imeneyi yakuthandizani, tumizani vidiyoyi ku gulu la phwandolo lisanafike tsiku. Simukufunika kutchula munthu. Ingoponyani mugulu n'kukhala chete.

Tinali pati? Nambala 3. Dyetsani mayi.

Iyi ndiye ndimaikonda, chifukwa anthu a ku Angónia ndi Tsangano simufunika ngakhale kupita ku sitolo, nkhokwe yanu ndi sitolo. Mayi woyamwitsa amamva njala ya mtundu wina, ndipo sabata zoyambazo alibe mphamvu yosinja kapena yopita ku chigayo. Mukonzereni ufa wa phala: magawo anayi a mgaiwa, gawo limodzi la soya wokazinga, mugayitse pamodzi. Nsinjiro ikani padera m'chigubu chouma bwino, ndipo mtedza wake musankhe, wofufuma ndi wa nkhungu tayani. Onjezani nyemba, mbatata ya kachewere, mazira, mfutso. A kumunsi kotentha, Changara, Cahora Bassa, inu muli ndi malambe ndi kapenta. Ufa wa malambe m'phala umakoma ndipo uli ndi vitamini C wambiri. Nkhuku yachikuda imodzi yomanga miyendo, imeneyo ndiye palibe amene angaiwale dzina lanu.

Kungoti zakudyazi ndi za mayi. Uchi ngati mwaikamo, nenani momveka kuti mwana asalawe mpaka atakwanitsa chaka.

Nambala 4, chipewa ndi masokosi oluka. Ku Ulónguè mu Juni ndi Julayi simufuna kuuzidwa chifukwa chake. Mpira umodzi wa ulusi ukwanira. Musaike mikanda, mabatani kapena zingwe za pakhosi. Kalukidwe kake ndinaonetsa kale, vidiyo yake ikutuluka pamwamba apa.

Nambala 5 ndi ya amene mulibe ngakhale mametikali 20 a pepala. Tengani tsamba la m'kope, lembani: "Ine ndidzakuchapirani Lachiwiri ndi Lachisanu mwezi woyamba." Kapena kutunga madzi. Kapena kuperekeza ana aakulu ku sukulu. Kapena mtolo wa nkhuni sabata iliyonse. Amuna, alamu, iyi ndi yanu, musamaone ngati phwandoli silikukukhudzani. Mangani chingwe choyanikira, khomani misomali ya neti. Neti yeniyeniyo musagule, amayi oyembekezera amalandira ku sikelo. Koma pali nyumba zambiri zimene neti ikadali m'pepala lake chifukwa palibe anaipachika. Chenjezo limodzi: mukalemba, muchite. Kulonjeza pa gulu anthu akujambula kenako osaoneka, bola mukanabwera chimanjamanja.

Palinso ina, ndiitche 6 kapena ndi mbali ya 5, kaya. Ndalama ya ulendo. Matenda akayamba usiku, wa njinga yamoto sadikira kuti mukakongole. Amene mwasonkha, tumizani pa M-Pesa kapena e-Mola, munene poyera kuti iyi ndi ya tsiku lochira, isagwire ntchito ina. Kwa amene amakhala kutali ndi chipatala, ndalama yomweyo ndi ufa uja zimuthandiza akapita kukakhala ku chidikiro masiku atayandikira.

Zosagula, mwachangu. Pauda, fumbi lake limalowa m'mapapo a mwana. Pilo wa khanda ndi zidole za ubweya zoika pogona, zimatseka mphuno, khanda ligone chagada pamalo osawirira. Nsapato, akupita kuti? Mafuta onunkhira kwambiri. Ndi mankhwala aliwonse opaka pa mchombo, kaya a pa msika kaya a kwa agogo. Pa mchombo pamapita chokhacho chimene anamwino apereka.

Kukulunga musawononge ndalama pa pepala lowala. Ikani zonse mu ndowa ija kapena m'beseni, kutirani ndi kapulana, mangani mfundo pamwamba, senzani.

Lembani m'makomenti mphatso imene inakuthandizani kwambiri mutachira, ndi imene inangokhala pa windo mpaka lero. Ndiwerenga zina mu vidiyo yotsatira, imene tidzalongedze limodzi chikwama cha ku chipatala, chinthu chimodzichimodzi, ndi nthawi yoyenera kuti chikhale chili pakhomo. A ku Zóbuè munapempha za kasokedwe ka kabudula wovalira pa thewera, ndamva, ikubwera. Dinani like, tionana Lachinayi.